Kodi sukulu za luso ku Ulaya zimayendera lamulo limodzi?

Funso: Ndine mphunzitsi wa pa sekondale. Digiri yanga yoyamba ndinachita za nyimbo ndi zisudzo konkuno kwathu, ndipo ndikulakalaka kukapitiriza ku Ulaya. Mnzanga wina anandiuza kuti kumeneko sukulu zonse za luso zili pansi pa lamulo limodzi la European Union, moti imodzi ikakulandira ndiye kuti zonse zakulandira. Ndikamawerenga ndimakumana ndi mawu monga Bologna, ECTS ndi Erasmus, mutu n'kuima. Zoona zake ndi ziti? Chinanso chondivuta mumtima n'chakuti, kodi luso la munthu lingawerengedwe ndi manambala ngati matumba a chimanga?

Yankho: Aphunzitsi, mnzanuyo sananame dala. Wangosakaniza zinthu zimene ngakhale anthu a ku Ulaya komweko amazisakaniza. Lamulo limodzi lolamulira sukulu zonse za luso kulibe. Chilipo ndi mgwirizano woti sukulu za mayiko osiyanasiyana zizitha kuwerengerana mapepala ndi kukhulupirirana, pamene iliyonse ikusankhabe yokha amene ikufuna kumuphunzitsa. Pepala likhoza kuyenda kuchokera ku Lisbon mpaka ku Helsinki osafunsidwa zambiri, koma chitseko cha kalasi chimatsegulidwa ndi khutu ndi diso la aphunzitsi a pamalopo.

Tiyambe ndi European Union (EU) imene mwaitchulayo. Pangano lalikulu loyendetsera bungweli limanena pa ndime 165 kuti zoti ana aphunzire chiyani komanso kayendetsedwe ka sukulu ndi udindo wa dziko lililonse palokha. A ku Brussels, kumene kuli likulu la bungweli, amaloledwa kuthandiza, kulimbikitsa ndi kuponyapo ndalama, koma saloledwa kufananitsa malamulo a maphunziro a mayikowo. Ndime 167 imanenanso zomwezo pa nkhani za chikhalidwe. N'chifukwa chake mukafunsa kuti makiyi a sukulu za luso amasunga ndani, yankho limasintha mukangowoloka malire. Ku France sukulu zikuluzikulu za nyimbo, zisudzo ndi zojambula, monga Conservatoire ya ku Paris, zili pansi pa unduna wa za chikhalidwe. Ku Germany zili m'manja mwa zigawo 16 za dzikolo, chigawo chilichonse ndi lamulo lake. Ku Belgium olankhula Chidatchi ali ndi dongosolo lawo, olankhula Chifalansa alinso ndi lawo. Ku Italy lamulo la mu 1999 linaika sukulu za nyimbo ndi zojambula m'gulu lakelake lotchedwa AFAM, pambali pa mayunivesite, pamene ku Austria anazikweza kukhala mayunivesite enieni mu 1998.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti njira imene ophunzira a ku Ulaya akuyendamo lero anailambula ndi mwana wa sukulu ya zojambula. Mu 1982 mtsikana wa ku France, Françoise Gravier, anapita ku Liège m'dziko la Belgium kukaphunzira kujambula nthano za zithunzi, zija timaziona m'nyuzipepala mawu a munthu atalembedwa m'kabwalo pamwamba pa mutu wake. Atafika anauzidwa kuti alipire ndalama ina yapadera imene ana a eni dziko sankalipira. Iye anakana. Nkhaniyo inalowa m'khoti la mumzindamo, kenako inakafika ku khoti lalikulu la Ulaya ku Luxembourg. Pa 13 February 1985 oweruza anagamula kuti kuphunzira kujambula nthano ndi maphunziro okonzekeretsa munthu ntchito monga ena onse, ndiponso kuti kulipiritsa mwana wa dziko lina la mumgwirizano ndalama imene eni dziko salipira ndi tsankho loletsedwa. Chigamulochi chinawapatsa pogwira anthu amene ankafuna kuti pakhale ndondomeko yosinthana ophunzira, ndipo mu 1987 Erasmus inayamba. Chaka choyamba anayenda ophunzira 3,244 okha. Lero imatchedwa Erasmus+, ndipo inapatsidwa mayuro opitirira 26 biliyoni kuti igwiritse ntchito kuyambira 2021 mpaka 2027. Nkhani ya mtsikanayu ndimaikonda chifukwa ife ophunzitsa za luso timauzidwa kawirikawiri kuti ntchito yathu ndi masewera, koma apa ndi wojambula amene anatsegulira njira adokotala ndi mainjiniya. Mungozindikira kuti ufulu umene anapambanawo ndi wa nzika za mayiko a EU. Ife ochokera kunja suutikhudza, ndipo ndibwererakonso pa nkhani ya fizi.

Bologna ndi chinthu china, ndipo si ya EU. Mu May 1998 nduna za maphunziro za France, Germany, Italy ndi Britain zinakumana ku Sorbonne mumzinda wa Paris n'kugwirizana kuti madigiri awo ayambe kufanana mapangidwe. Chaka chotsatira, pa 19 June 1999, mayiko 29 anasaina chikalata mumzinda wa Bologna ku Italy, kumene kuli yunivesite yakale kwambiri mu Ulaya. Pano mayiko ali 49, kuphatikizapo ena amene sali mu EU monga Norway, Switzerland, Turkey, Armenia ndi Kazakhstan, ngakhale kuti Russia ndi Belarus anaimitsidwa mu 2022 nkhondo ya ku Ukraine itabuka. Kuti muone kusiyana kwa ziwirizi, taonani Britain: itatuluka mu EU inasiya Erasmus+ kumapeto kwa 2020, koma mu Bologna inakhalabe. Mgwirizano wa Bologna ulibe khoti, ulibe chilango. Nduna zimakumana patapita zaka zingapo, zimalonjezana, kenako iliyonse imabwerera kwawo kukasintha malamulo ake mmene ingathere. Ena amathamanga, ena amazengereza, ena amangosintha maina a madigiri zamkati osazikhudza.

Zimene analonjezana n'zochepa. Maphunziro azikhala pa masitepe atatu: digiri yoyamba, masitazi, kenako PhD. Womaliza azipatsidwa chikalata chowonjezera chotchedwa Diploma Supplement chofotokoza zimene anaphunzira ndi mulingo wake, kuti mlendo asavutike kumva. Ntchito ya wophunzira iziwerengedwa ndi muyezo umodzi, umene ndi ECTS. Pambali pa izi pali pangano la ku Lisbon la mu 1997, limene linakonzedwa ndi Council of Europe, bungwe la mayiko a ku Ulaya losiyana ndi EU, pamodzi ndi UNESCO. Ilo linatembenuza mtolo: kale wophunzira ndiye ankayenera kutsimikiza kuti digiri yake ikufanana ndi ya kumene wafikako, koma tsopano amene akukana digiriyo ndiye ayenera kusonyeza kuti pali kusiyana kwakukulu.

Tsopano funso lanu la matumba a chimanga, limene kwa ine ndiye mtima wa kalata yanu. ECTS siyeza luso. Imayeza nthawi. Chaka chimodzi cha sukulu chimakhala ndi makirediti 60, amene amaimira maola pakati pa 1,500 ndi 1,800 a ntchito ya wophunzira, kutanthauza kuti kirediti imodzi ndi maola 25 mpaka 30. Digiri yoyamba imakhala ndi makirediti 180 kapena 240, masitazi kawirikawiri 90 kapena 120. Chofunika kumvetsa n'chakuti maolawo si a m'kalasi okha. Woimba vayolini amakumana ndi mphunzitsi wake mwina ola limodzi kapena limodzi ndi theka pa sabata, koma tsiku ndi tsiku amadzitsekera yekha m'kachipinda maola anayi kapena asanu, kubwereza mizere iwiri yomweyomweyo mpaka zala zitaimva. Maola amenewo amalowa m'chiwerengero. N'chifukwa chake pa sukulu zambiri za nyimbo phunziro la chida chimene munthu amaimba limatenga gawo lalikulu la makirediti a chaka, ngakhale pa ndandanda ya makalasi likuoneka kakang'ono. Makirediti amangonena kuti munthuyu wagwira ntchito yochuluka chonchi ndipo wakhoza. Zoti waimba mogwira mtima kapena ayi zimanenedwa ndi gulu la aphunzitsi atakhala kumumvetsera, monga zinkachitikira zaka 200 zapitazo.

Komabe mantha anu ali ndi maziko, ndipo aphunzitsi ambiri a ku Ulaya anali nawo. Vuto silinali manambala enieniwo. Linali pa kudula maphunziro m'zidutswazidutswa, chidutswa chilichonse ndi mayeso ake pakutha pa semesita. Luso silikula motero. Wojambula akhoza kutha chaka chathunthu akupanga zinthu zosaoneka mutu wake, akung'amba ndi kuyambiranso, kenako m'miyezi iwiri n'kutulutsa ntchito imene chaka chonsecho chinkakonzera. Mukamuyesa mu January mumulepheretsa munthu amene akanakudabwitsani mu June. Mawu a woimba nawonso amakhwima pamodzi ndi thupi, ndipo palibe nduna imene ingawafulumizitse. Zaka zitatu za digiri yoyamba, zimene zinakwanira ophunzira maphunziro ena, kwa awa zinali zoperewera.

Ndiye panali kulimbana, ndipo zotsatira zake mudzaziona mukamasankha sukulu. Sukulu za nyimbo za ku Germany zinalandira dongosolo latsopano koma zinaumirira kuti digiri yoyamba ikhale ya zaka zinayi, makirediti 240. Sukulu zingapo za zojambula ndi zosemasema zinakaniratu. Ku Kunstakademie ya ku Düsseldorf wophunzira amalowa m'kalasi ya mmisiri mmodzi wodziwika, amakhala naye zaka zingapo, ndipo pomaliza amalandira chikalata chotchedwa Akademiebrief, osati digiri yoyamba kapena masitazi. Mmisiriyo akamukhutira akhoza kumutcha Meisterschüler, ulemu umene pakati pa ojambula umalemera kwambiri. Ku Akademie der bildenden Künste ya ku Vienna ojambula amachitabe maphunziro amodzi osadukiza otchedwa Diplom. Ineyo ndimaona kuti okanawa anateteza chinthu chenicheni, chifukwa munthu amafunika nthawi yoti asochere kaye asanapeze njira yake. Koma inu amene mudzabwerera kwanu kukafuna ntchito kapena kukwezedwa, muganize kawiri. Akuluakulu a NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede ku Lilongwe, kapena olemba ntchito adzayang'ana chimene chalembedwa pa pepala, ndipo mawu oti masitazi savuta kufotokoza ngati mawu oti Akademiebrief. Musanalembere sukulu iliyonse, funsani dzina lenileni la chikalata chimene amapereka pomaliza ndi makirediti ake.

Chimene chinapulumutsa sukulu za luso m'kulimbana konseku, m'kuona kwanga, si chifundo cha nduna. Ndi chakuti zinali kale ndi mabungwe awoawo ndipo zinalankhula ndi pakamwa pamodzi. Sukulu za nyimbo zili ndi bungwe la AEC, limene linayamba mu 1953 ndipo lero lili ndi mamembala pafupifupi 300, ofesi yake ili ku Brussels. Sukulu za luso la mitundu yonse zili ndi ELIA, limene linakhazikitsidwa ku Amsterdam mu 1990. A mafilimu ali ndi CILECT la dziko lonse lapansi ndi nthambi yake ya ku Ulaya yotchedwa GEECT, a zokonza maonekedwe a zinthu ali ndi Cumulus. Mabungwewa anaona kuti muyezo ukubwera ndithu, ndipo ngati iwo saulemba okha, adzaulemba ndi anthu amene sanalowepo m'chipinda choyeserera sewero. Kuyambira 2004 mpaka 2014 AEC inayendetsa ntchito yotchedwa Polifonia, ndi ndalama za Erasmus zomwezo. Aphunzitsi a nyimbo a mayiko ambiri anakhala pansi n'kulemba m'chilankhulo cha oimba zimene womaliza digiri yoyamba ayenera kutha kuchita, zimene wa masitazi ayenera kuwonjezerapo, ndi mmene makirediti angagawidwire popanda kupha phunziro la mphunzitsi mmodzi ndi wophunzira mmodzi. ELIA inachitanso zofanana ndi zimenezi kwa ojambula, ovina ndi a zisudzo.

Phindu lake limaoneka bwino pa nkhani yoyendera sukulu. Mu 2005 ku Bergen nduna zinagwirizana mfundo zoti sukulu iliyonse ya ukachenjede iziyenderedwa ndi anthu akunja kuti aone ngati ikuphunzitsa bwino. Tangoganizani woyendera amene anazolowera holo ya ophunzira 300 ndi mphunzitsi mmodzi. Akalowa m'sukulu ya nyimbo n'kupeza pulofesa wathunthu watha ola ndi mwana mmodzi yekha, iye aona kuwononga ndalama basi, ndipo lipoti lake lidzanena kuti aphatikize anawo m'magulu. Pofuna kupewa zimenezi oimba anakhazikitsa bungwe lawo loyendera lotchedwa MusiQuE mu 2014, ndipo a luso lina ali ndi EQ-Arts. Oyenderawo amakhala oimba, ojambula ndi aphunzitsi a luso ochokera mayiko ena. Amawerenga mapepala inde, komanso amakhala pansi kumvetsera makonsati, kuonera makalasi ndi mayeso. Amadziwa chimene akuyang'ana. Ngati pali chinthu chimodzi chimene ndimafuna kuti ife ophunzitsa za luso ku Malawi, Zambia ndi Mozambique titengereko, ndi chimenechi. Si makirediti awo kapena maina a madigiri awo, koma khalidwe lokhala pansi pamodzi n'kudzilembera tokha muyezo wa ntchito yathu.

Nkhani imene ikadali pamoto ndi ya PhD. Mu 2003 ku Berlin nduna zinaika PhD kukhala sitepe yachitatu ya Bologna, ndipo pomwepo funso linabuka: kodi wopeka nyimbo kapena wokonza magule angachite kafukufuku kudzera m'luso lake lenilenilo, kapena ayenera kusiya luso n'kuyamba kulemba za luso la ena? M'mayiko ambiri sukulu za luso zilibe mphamvu yopereka PhD, choncho zinafuna njira zozungulira. Ku Netherlands sukulu za nyimbo ndi zojambula za ku The Hague zinagwirizana ndi yunivesite ya Leiden. Ku Ghent m'dziko la Belgium kuli Orpheus Institute, imene imayendetsa maphunziro a PhD a oimba otchedwa docARTES mothandizana ndi mayunivesite. Ku Paris sukulu zikuluzikulu za luso zinayamba SACRe mu 2012. Austria inatsegula thumba lapadera la kafukufuku wa za luso lotchedwa PEEK mu 2009, Finland inaphatikiza sukulu zake zitatu kukhala University of the Arts Helsinki mu 2013, ndipo Norway inakhazikitsa PhD yakeyake ya za luso mu 2018. ELIA inatulutsa mfundo zotchedwa Florence Principles mu 2016 zofotokoza mmene PhD yotere iyenera kukhalira, ndipo mu 2020 mabungwe angapo anasaina chikalata cha ku Vienna chopempha kuti kafukufuku wa za luso azilemekezedwa ndi kupatsidwa ndalama mofanana ndi wina aliyense.

Ine ndili kumbali yawo, chifukwa ndimakhulupirira kuti m'manja mwa woimba ng'oma muli nzeru zimene sizili m'buku lililonse, ndipo munthu angazifufuze mwadongosolo akuimba. Koma ndaonanso choopsa chake. Pofuna kuti mayunivesite awavomereze, ojambula ena amayamba kulemba masamba mazanamazana m'chilankhulo chimene si chawo, mpaka ntchito ya manja ija n'kusanduka chithunzi chongokometsera zolembazo. Ndinawerengapo zolemba za wophunzira wina wa PhD, woimba wabwino zedi, ndipo m'masamba onsewo sindinamumve iye. Nditapita kukamumvetsera madzulo ake, zonse zimene ankavutika kunena zinamveka m'mphindi khumi. Mkangano woti zolemba zilemere bwanji ndipo ntchito ya luso ilemere bwanji sunathe, ndipo sukulu iliyonse imaudula mosiyana.

Mwina mukufunsa ngati mapepala ndi misonkhano yonseyi inathandizapo munthu weniweni. Ndikuuzani za ku Budapest. Mu 2020 boma la Hungary linachotsa yunivesite ya zisudzo ndi mafilimu, SZFE, m'manja mwa boma n'kuipereka ku bungwe la matrasti osankhidwa ndi boma lomwelo, motsogozedwa ndi Attila Vidnyánszky, amene panthawiyo anali mkulu wa nyumba ya zisudzo ya dzikolo. Aphunzitsi ndi ophunzira anaona kuti sukulu yawo yalandidwa ufulu wodziyendetsa. Kumapeto kwa August atsogoleri a sukuluyo anatula pansi maudindo, ophunzira anatseka makomo n'kukhala momwemo masiku opitirira 70, mpaka malamulo a mliri wa COVID-19 atawatulutsa mu November. Aphunzitsi ambiri anachoka, ophunzira ambiri anafuna kuwatsatira, koma akanatero akanataya zaka zimene anaphunzira kale. Apa mpamene makirediti aja anagwira ntchito imene palibe anaiganizira pachiyambi. Sukulu za luso za mayiko ena, monga Mozarteum ya ku Salzburg, sukulu ya zisudzo ya ku Ludwigsburg ku Germany, Accademia Dimitri ya ku Switzerland ndi sukulu ya zisudzo ya ku Warsaw, zinavomera kuwerenga makirediti a anawo ngati awo. Ophunzirawo anapitiriza ndi aphunzitsi awo ku Budapest komweko, ndipo madigiri anachokera ku sukulu zakunjazo. Njirayi anaitcha Emergency Exit, kutanthauza khomo lothawirapo pangozi, ndipo nyumba ya malamulo ya Ulaya inaipatsa mphoto mu 2021. Izi zinatheka chifukwa aphunzitsi a m'sukuluzi ankadziwana kale, anali atayenderana zaka zambiri, ndipo muyezo wowerengera ntchito unali umodzi.

Nkhaniyi ili ndi mbali yowawa. Mu December 2022 EU inaletsa mayunivesite a ku Hungary oyendetsedwa ndi matrasti otere kulandira ndalama zatsopano za Erasmus+ ndi za kafukufuku. Cholinga chinali kufinya boma, ndipo chifukwa chake ndimachimvetsa. Koma amene anataya mwayi woyenda ndi ana asukulu amene sanasankhe matrastiwo.

Posachedwapa EU yakhala ikulimbikitsa magulu a mayunivesite ogwirira ntchito limodzi kwa zaka zambiri. Mu 2019 sukulu za zojambula za ku Dresden, Rome, Riga ndi Budapest zinapanga EU4ART, a mafilimu ali ndi FilmEU, ndipo mu 2024 sukulu zisanu ndi zitatu za nyimbo ndi luso, kuphatikizapo za ku Oslo, Paris, Vienna, Barcelona ndi Belgrade, zinayamba IN.TUNE. Zipatso zake sizinapse, ndipo nkhawa yanga ndi sukulu zing'onozing'ono. Sukulu ya ana 300 ilibe ofesi ya anthu khumi olemba mapempho a ndalama, choncho mwayi umakonda kugwera kwa amene ali nazo kale.

Tibwere kwa inu tsopano. Pa nkhani ya pepala, digiri yanu ya zaka zinayi idzayang'anidwa ndi sukulu imene mwalembera, nthawi zina itafunsa ofesi ya dzikolo yoona za madigiri akunja, imene ili m'gulu lotchedwa ENIC-NARIC. Sukulu ina ikavomera, sizitanthauza kuti inzake ivomeranso. Muwathandize kukuwerengani: pemphani ku yunivesite kwanu zotsatira zonse za mayeso pamodzi ndi kufotokoza kwa phunziro lililonse ndi maola ake, chifukwa iwo adzafuna kuyerekeza ndi makirediti 180 kapena 240 aja. Pa nkhani ya fizi, kumbukirani kuti chigamulo cha Gravier si chathu. Sweden inayamba kulipiritsa ochokera kunja kwa Ulaya mu 2011, Finland mu 2017 pa maphunziro a m'Chingerezi, Norway mu 2023. Ku Germany sukulu zambiri za boma zilibe fizi, koma chigawo cha Baden-Württemberg chinayamba kulipiritsa ochokera kunja kwa Ulaya mayuro 1,500 pa semesita mu 2017, ndipo kuti mupeze viza muyenera kusonyeza ndalama zodyera chaka chathunthu. Sukulu zambiri zimafunanso kuti muzimva chilankhulo cha dzikolo.

Erasmus wamba, uja wopita semesita imodzi kapena ziwiri, munthu sadzilembera yekha ali kunyumba. Kuyambira 2015 anatsegulira mayiko a kunja kwa Ulaya, koma umayenda pakati pa sukulu ziwiri zimene zasainirana, ndipo umatenga ophunzira ndi aphunzitsi a sukulu zimenezo. Khomo limene likukuyenerani inu ndi Erasmus Mundus, imene inayamba mu 2004. Awa ndi maphunziro a masitazi operekedwa ndi mayunivesite angapo pamodzi, wophunzira n'kumasamuka dziko ndi dziko. Aliyense wa dziko lililonse akhoza kulembera, ndipo wopata sikolashipu salipira fizi komanso amalandira mayuro 1,400 pa mwezi. Mwa amene akhala akuperekedwa pa za luso pali DocNomads, wa mafilimu a nkhani zenizeni, amene anayamba ndi sukulu za ku Lisbon, Budapest ndi Brussels, komanso Choreomundus, wa magule monga chuma cha makolo, wophatikiza Trondheim, Clermont-Ferrand, Szeged ndi Roehampton ku London. Munthu wochokera kumene Gule Wamkulu ndi Vimbuza zinalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005 sangafike kumeneko chimanjamanja. Mndandanda wa maphunzirowa umasintha chaka ndi chaka, choncho muziyang'ana pa tsamba la EU lenilenilo, ndipo ambiri amalandira makalata pakati pa October ndi January.

Chotsala ndi odishoni, mayeso osonyeza luso lako pamaso pa aphunzitsi asanakulandire, ndipo apa ndikuuzani mosabisa chifukwa ndakhalapo kumbali ya omvetsera. Ndinaonapo mnyamata amene mapepala ake anali osalakwika paliponse akubwezedwa patangotha mphindi zochepa, chifukwa analembera kalasi ya piyano ya nyimbo zakale za ku Ulaya, kumene anzake anayamba kuimba ali ndi zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Mnyamatayo sanali wopanda luso. Anagogoda pa khomo losayenera, ndipo palibe anamuchenjeza. Ngati inu simunakulire m'nyimbo zimenezo, musataye ndalama za fomu kumeneko. Yang'anani kumene zimene muli nazo ndi mphamvu: kupeka nyimbo, kuphunzitsa nyimbo, kutsogolera kwaya, zisudzo za m'midzi, kapena madipatimenti a nyimbo za mitundu yosiyanasiyana monga Global Music ya ku Sibelius Academy mumzinda wa Helsinki ndi ya ku Codarts ku Rotterdam. Kumeneko munthu wodziwa mangolongondo, bangwe kapena kayimbidwe ka chimtali, amene angathenso kufotokoza chimene akuchita, amamvetseredwa mwachidwi.

Sukulu zambiri gawo loyamba la odishoni zimachita ndi vidiyo, ndipo zimafuna yojambulidwa kamodzi osadula, nkhope ndi manja zikuoneka. Foni yabwino ndi chipinda chopanda phokoso n'zokwanira. Sankhani sukulu zitatu kapena zinayi, werengani zimene iliyonse ikufuna chifukwa sizifanana, ndipo lemberani mphunzitsi wa kalasi imene mukuifunayo kalata yaifupi yonena kuti ndinu ndani ndipo mukufuna kuphunzira chiyani kwa iye. Yambani kudzijambula mwezi uno, ngakhale nthawi yotumiza ikadali kutali, ndipo mujambulenso ntchito imene mumachita ndi ana anu a kwaya kapena a sewero, mutapempha chilolezo kwa akuluakulu a sukulu ndi makolo awo.